Kuyezetsa makobidi akale kwa wokonza mawotchi m'tauni ya Kasungu

Agogo anga aamuna atatisiya, tinapeza chitini cha makobidi pansi pa sutikesi yawo, ndipo popeza palibe amene ankachifuna, chinathera m'manja mwanga. Iwo anagwirapo ntchito m'minda ya fodya ku Halale asanabwerere kwathu kuno ku Kasungu, choncho m'chitinimo munali zosakanikirana: makobidi obowoka pakati a nthawi ya chitaganya, masheleni a 1964 okhala ndi nkhope ya Dr Hastings Kamuzu Banda, matambala ambirimbiri, ndi ena ochepa akunja omwe adzukulu ankaponyamo pambuyo pake. Chitinicho chinakhala zaka pamwamba pa kabati, mpaka pamene mauthenga anayamba kuzungulira pa WhatsApp onena kuti khobidi lobowoka, kapena lililonse lokhala ndi chilema, likhoza kugula galimoto. Abale anayamba kundifunsa mafunso osonyeza kuti akundikayikira, ndipo ndinaona kuti ndi bwino kukayezetsa chuma chimenechi kusiyana ndi kuti tidane chifukwa cha mphekesera.

Amene ndinapitako ndi bambo wina wachikulire yemwe ali ndi kashopu kokonzera mawotchi ndi mafoni chapafupi ndi depoti ya mabasi. Palibe chikwangwani chonena za makobidi. Ntchito imeneyi amaigwira ngati yapambali, ndipo anthu amangouzana pakamwa. Kashopuko n'kopanikiza moti anthu atatu sangakhalemo momasuka, koma tebulo lawo n'losamalika. Atamva chimene ndabwerera, anachotsa mawotchi onse, nayala kansalu kofewa, natulutsa zida zinayi zokha: galasi lokulitsa zinthu kakhumi lomwe amagwiritsanso ntchito pokonza mawotchi, kasikelo kamagetsi koyeza mpaka 0.01 ya galamu, kamaginito, ndi kachida koyezera kukula ndi kuchindikala kwa chitsulo. Malipiro anandiuziratu tisanayambe, ndipo ndi a chitini chonse osati khobidi lililonse palokha. Sanapose ndalama imene munthu angalipire kabaza maulendo angapo m'tauni muno, zomwe ndinaona kuti n'zoyenera pa ntchito yomwe inatenga maola oposa awiri.

Tinayamba ndi makobidi obowoka aja, poti ndi amene anabutsa mkangano kunyumba. Bamboyo sanafune n'komwe galasi. Anandionetsa dzina la Rhodesia and Nyasaland m'mphepete, njovu ziwiri pa khobidi la peni ndi nyamalikiti ziwiri pa la hafupeni, kenako anati: "Aphunzitsi, bowo ili si chilema ayi, analipanga dala, ndipo makobidi onse a mtundu uwu anatuluka chonchi." Chitaganyacho chinakhalapo kuyambira 1953 mpaka 1963, ndipo makobidi ake anasulidwa ambiri zedi kuti akwanire mayiko atatu, motero losasamalika ngati la agogo silingapatse munthu ndalama yodziwika. Anawonjezera kuti chimene chikanakhala chachilendo ndi khobidi la mtundu umenewu lomwe linatuluka ku fakitale lopanda bowo, kapena lomwe bowo lake linaphonya pakati. Kenako anatola sheleni ya 1964 yomwe inali ndi kabowo chakumtunda, nandipatsa galasi kuti ndione ndekha. M'mphepete mwa kabowoko chitsulo chinali chotukuka ndi chong'ambika, umboni woti wina anachiboola ndi msomali kuti apisemo chingwe. Makobidi awiri obowoka, koma pa lina bowo ndi mapangidwe ake, pa lina ndi chilonda chochotsa mtengo.

Apa m'pamene ndinamvetsa mfundo imene ntchito yawo yonse yatsamirapo, ndipo ndi chifukwa chake ndikuona kuti ndalama yanga sinapite pachabe. Funso loyamba si lakuti khobidi likuoneka lachilendo kapena ayi, koma lakuti chachilendocho chinabadwira kuti. Khobidi limapangidwa pamene kachitsulo kobulungira kosalembedwa kapanikizidwa mwamphamvu pakati pa zidindo ziwiri, china cha kumaso china cha kumsana. Chilema chikhoza kuchokera pa kachitsuloko, monga ngati kanadulidwa moperewera kapena kanali ka mtundu wina. Chikhoza kuchokera pa kudindako, monga ngati kachitsulo sikanakhale pakati ndipo chithunzi chinatsetserekera mbali imodzi. Kapena chikhoza kukhala m'chidindo chenichenicho. Cha mtundu wachitatuwu n'chosiyana ndi zinazo chifukwa chimabwerezeka mofanana pa khobidi lililonse lomwe chidindocho chinadinda, ndiye osonkhanitsa makobidi amatha kuchilemba m'mabuku, kuchipatsa dzina, ndi kuchifunafuna. Zonse zimene zachitika khobidi litatuluka kale pa chipata cha fakitale, kaya lapondedwa ndi galimoto, lapsa pamoto, kapena ladyeka m'nthaka, ndi kuwonongeka chabe. Dziko lathu lilibe fakitale yosula makobidi. Aja oyamba a 1964 anasulidwa ku Royal Mint ku Britain, choncho chilema chenicheni pa khobidi lathu chimayenera kukhala kuti chinachokera kunja pamodzi nalo.

Pa matambala ndi pamene bamboyo anandionetsa chinthu chomwe ndakhala ndikuchigwira m'manja kuyambira ubwana osachiona. Kwacha ndi tambala zinayamba mu 1971, kulowa m'malo mwa paundi pa mlingo wa makwacha awiri pa paundi imodzi. Anasanja makobidi a 1 tambala awiri moyandikana, limodzi la 1971 ndi lina la zaka zotsatira, nandiuza kuti ndiyang'ane dzina la dziko. Pa la 1971 palembedwa MALAWI basi, pomwe pa linalo pali kachizindikiro konga denga pamwamba pa W, monga momwe dzinali linkalembedwera masiku amenewo pofuna kusonyeza katchulidwe kake. Mabuku a osonkhanitsa makobidi amawerenga awiriwa ngati mitundu iwiri yosiyana. Koma anandichenjeza msanga kuti ndisathamange magazi, chifukwa uku kunali kusintha kwadala osati kulakwitsa, ndipo mitundu yonse iwiri inasulidwa yochuluka. Munthu wofuna kukwaniritsa mndandanda wake adzafuna onse awiri, koma sadzalipira zambiri pa chinthu chimene angachipeze mosavuta. Anayendetsanso kamaginito pamwamba pa mulu wa matambala ofiira, ndipo ena anakakamira pomwe ena anatsala. Oyambirira anali a mkuwa wosakaniza, pamene ena a pambuyo pake ndi chitsulo chokutidwa ndi mkuwa. Ndinakumbukira anyamata ena amene anabwera kumudzi kwathu ndi maginito n'kumauza anthu kuti khobidi lokakamira lili ndi mphamvu yapadera mkati mwake.

Khobidi lomwe ine ndinalikhulupirira kwambiri linali la 20 tambala, lija la njovu ndi mwana wake, chifukwa manambala a chaka ankaoneka ngati alembedwa kawiri. Ndinali nditawerengapo kuti zilembo zobwereza ndi zomwe zimalemeretsa anthu, ndipo kunena zoona ndi khobidi limeneli lomwe linanditulutsa m'nyumba. Bamboyo analiyang'ana nthawi yaitali, akulitembenuza pang'onopang'ono kuti kuwala kugwere mbali zosiyanasiyana, kenako anandifotokozera kuti kubwereza kuli pawiri. Kwina kumachitika popanga chidindo. Kale chidindo chinkalandira chithunzi kuchokera ku chidindo china chachikulu, chomwe iwo anachitcha mayi wa zidindo, ndipo chinkapanikizidwa kangapo kuti chithunzi chilowe bwino. Ngati pa ulendo wachiwiri chinasuntha pang'ono, chithunzi chinkalowa kawiri m'chidindomo, ndipo pa khobidi zilembo zonse ziwiri zimatuluka zotukuka, zobulungira, zolekana bwino kumapeto kwake. Kubwereza kwina kumachitika pa nthawi yodinda, pamene chidindo chakhwefuka ndipo chanjanja kapena kutsetsereka chitangomenya. Pamenepo chilembo sichikhala chiwiri. Chimangometedwa mbali imodzi n'kusiya kamthunzi kophwatalala konga sitepe. Langa linali la mtundu wachiwiriwu, umene umapezeka paliponse ndipo osonkhanitsa salipira kanthu kowonjezera.

Chitsanzo chimene anandipatsa cha mtundu woyamba ndi chodziwika padziko lonse: senti ya ku America ya 1955 yosulidwa ku Philadelphia, yomwe chaka chake ndi mawu akuti LIBERTY zimaoneka kawiri ngakhale popanda galasi. Akuti zomwe zinalowa m'manja mwa anthu zinali pakati pa 20,000 ndi 24,000, chiwerengero chochepa kwambiri poyerekeza ndi mamiliyoni mazanamazana a masenti a chaka chimenecho, ndipo lero ngakhale yotha imagulidwa pa madola oposa 1,000. Chimene ndinatolapo n'chakuti mtengo umenewu sunabwere ndi kubwereza kokha. Chilemacho n'chachikulu moti aliyense amachiona, chiwerengero chake n'chodziwika, ndipo ku America kuli anthu ochuluka osonkhanitsa masenti amene aliyense akufuna kukhala nayo imodzi. Mukachotsapo chimodzi mwa zitatuzi, makamaka chomalizachi, mtengo umagwa. Ndinakhumudwa ndithu, koma ndinayamikira kuti sanangondiuza kuti ayi. Anandigwiritsa galasi mpaka nditaona ndekha kuphwatalala kwa kamthunzi kaja.

M'chitini chonsecho, khobidi limodzi lokha ndi lomwe anavomereza kuti lili ndi chilema cha m'chidindo chenichenicho. Linali la 10 tambala, la chimanga, ndipo linali ndi kamzere kochokera m'mphepete kudutsa pa chilembo chimodzi. Ine ndinkati ndi kukandika. Iwo anandiuza kuti ndiyang'ane ngati kamzereko kalowa pansi kapena katukuka. Kukandika kumakumba chitsulo, pomwe chidindo chikang'aluka chifukwa chomenya maulendo ambirimbiri, chitsulo cha khobidi chimalowa mu mng'alumo n'kutuluka ngati kamtsempha kotukuka. Kanali kotukuka. Komabe anati ming'alu yaing'ono yotere ndi yofala chifukwa chidindo chilichonse chimakalamba, ndipo mtengo umayamba kukwera pokhapokha ngati chidutswa cha chidindo chinathyokeratu n'kusiya chotupa cha chitsulo m'mphepete mwa khobidi. Poona chimangacho anakumbukira khobidi la masenti 25 la 2004 la chigawo cha Wisconsin ku America, losulidwa ku Denver, lomwe ena mwa iwo ali ndi tsamba lowonjezera pa chimanga, lina loloza m'mwamba lina loloza pansi. Tsamba limenelo n'laling'ono kwambiri, koma poti linalembedwa m'mabuku ndipo ofuna ndi ambiri, khobidilo limagulidwa pa mtengo woposa wake maulendo ambiri. Kamzere ka pa 10 tambala yanga palibe amene anakapatsa dzina.

Chomwe chinandipweteka kuposa zonse si chimene fakitale inachita kapena sinachite, koma chimene tinachita tokha. Mlongo wanga, pofuna kuti makobidi akaoneke bwino kwa woyeza, anatsuka hafukolona (khobidi la masheleni awiri ndi theka) ya 1964 ndi masheleni angapo ndi phulusa ndi mandimu mpaka zinawala ngati ziwiya za paukwati. Bamboyo atangoziona anapukusa mutu nati, "Pepani bambo, apa mwataya." Pansi pa galasi nkhope yonse inali yodzaza ndi timizere ting'onoting'ono ta kukwecha. Osonkhanitsa amafuna khungu lenileni la khobidi ngakhale litada, ndipo lotsukidwa amalitsitsa mtengo kwambiri. Anandifotokozera za muyezo wa manambala kuyambira 1 mpaka 70 womwe William Sheldon anauyambitsa mu 1949, ndi kuti khobidi lomwelo, la chilema chomwecho, limatha kusiyana mtengo kutalitali malinga ndi pomwe lagwera pa muyezowo. Makobidi athu ambiri ayenda m'misika, m'mipango ya amayi ndi m'matumba a thukuta kwa zaka makumi, choncho ngakhale likanapezeka lachilema chenicheni, likanakhala chakumunsi kwa muyezo. Ndikanakonda chenjezo la kusatsukali likanalembedwa pakhomo la shopuyo, chifukwa ndikukhulupirira kuti si ife tokha amene tinafika titawononga kale.

Sikelo sinapeze chachilendo chilichonse m'chitini changa, koma ndinaona ntchito yake pa nkhani ya zabodza, zomwe zimachuluka paliponse pamene pali chilema cha mtengo wapatali. Mu 1943 dziko la America linasula masenti ake ndi chitsulo chifukwa mkuwa unkafunika ku nkhondo, koma tizitsulo tochepa ta mkuwa totsalira tinadindidwa mwangozi, ndipo imodzi ya masenti amenewa inagulidwa pa madola 1.7 miliyoni mu 2010. Anthu achinyengo amakuta senti yachitsulo ndi mkuwa, koma yeniyeni imalemera magalamu 3.11 ndipo sikakamira maginito, pomwe yachitsulo imalemera pafupifupi 2.7 ndipo imakakamira. N'chimodzimodzi ndi khobidi la masenti 5 la 1937 la ku Denver lokhala ndi njati ya miyendo itatu, lomwe linabadwa pamene wantchito anapala chidindo mopitirira muyezo mpaka mwendo wakutsogolo unafufutika. Ambiri amangopala mwendo pa khobidi wamba n'kumaligulitsa. Anandiuzanso kuti amene ali ndi abale ku Britain aziyang'ana 20 pensi yopanda chaka. Mu 2008 chaka chinasamutsidwa kuchoka kumsana kupita kumaso, ndipo chidindo chakale cha kumaso chitaphatikizidwa molakwika ndi chatsopano cha kumsana, panatuluka makobidi osaposa 250,000 opanda chaka mbali zonse ziwiri. Amagulidwa pa mapaundi pafupifupi 50, yomwe ndi ndalama yabwino koma si galimoto.

Tsopano zofooka, poti zilipo ndipo wopitako ayenera kuzidziwa. Choyamba, palibe cholembedwa chilichonse chimene munthu amachoka nacho. Zonse ndi zapakamwa, ndipo ndikanapanda kutenga kope ndi cholembera, ndikanafika kunyumba nditasokoneza theka la zomwe ndinamva, komanso abale aja sakanandikhulupirira. Buku limene amadalira ndi lakale, masamba ena anathothoka, ndipo mitengo yake ndi ya madola pa msika wa kunja. Iwo eni amavomereza kuti mawu awo sangalowe m'malo mwa chiphaso cha makampani oyeza makobidi monga PCGS, yomwe inayamba mu 1986, kapena NGC ya 1987, omwe amatsekera khobidi m'kabokosi ka pulasitiki n'kulembapo muyezo wake. Ogula akuluakulu amakhulupirira zimenezo, koma kutumiza khobidi kumeneko kuchokera ku Kasungu, kulipira kuyeza ndi kulibweza, kumadya ndalama yoposa mtengo wa pafupifupi chilichonse chimene chingapezeke m'chitini cha kumudzi. Choncho ntchito yawo imathandiza kwambiri kudziwa chomwe chilibe mtengo kusiyana ndi kugulitsa chomwe chili nawo.

Chachiwiri ndi malo. Ntchito yeniyeni ya shopuyo ndi mafoni ndi mawotchi, ndiye aliyense wobwera ndi foni yakufa ankatidula pakati, ndipo kangapo ndinatsala ndekha ndi makobidi ali mbwee pa tebulo, anthu akusuzumira. Munthu amene ali ndi chinthu chamtengo sangamasuke pamalo otere. Magetsi atazima chapakati pa ntchito, tinasamukira pakhomo kuti tigwiritse ntchito dzuwa, ndipo ngakhale iwo anati kuwala kwa dzuwa n'kwabwino kuposa babu, fumbi la mumsewu silinali labwino pa makobidi. Ndingalangize kupita m'mawa pakati pa sabata, osati nyengo yogulitsa fodya pamene tauni yadzaza ndipo aliyense ali ndi foni yoti akonzetse.

Chachitatu ndi chimene chinandivuta kwambiri mumtima. Bamboyo samangoyeza, amagulanso. Titamaliza, anandipempha kuti ndiwagulitse 10 tambala ya mng'alu ija pamodzi ndi makobidi awiri a chitaganya omwe anali osamalikako, pa mtengo wochepa. Sindikuwanena kuti ndi achinyengo, chifukwa chilichonse chimene anandiuza anandionetsa ndi maso anga, ndipo nditakafufuza pa intaneti mitengo yomwe makobidi otere anagulitsidwadi, osati yomwe ogulitsa amangotchula, sinasiyane kwenikweni ndi mawu awo. Iwo eni ndi amene anandiphunzitsa kusiyanitsa mitengo iwiriyi, ponena kuti munthu akhoza kutchula miliyoni pa mbuzi yake koma mtengo wa mbuzi ndi umene wogula watulutsa m'thumba. Komabe woyeza akakhala yemweyo wogula, wobwera ndi chitini amakhala pa malo ovuta, makamaka gogo wa kumudzi amene sangathe kukafufuza kwina. Zikanakhala bwino akananeneratu poyamba kuti amagulanso, kapena akanalola kuti padutse tsiku munthu asanayankhe.

Pa kudziwa ntchito ndi kuleza mtima pofotokoza, sindinaonepo wina wofanana nawo m'dera lino, ndipo amene ali ndi chitini chonga changa, makamaka ngati chayamba kugawanitsa banja, apiteko ndithu, atatenga kope, asanatsuke kanthu, ndipo asagulitse tsiku lomwelo. Amene akufuna woti amupezere wogula wa kunja kapena chiphaso chovomerezeka sadzathandizika pamenepa. Ine sindinagulitse chilichonse. Ndinagula kwa iwo galasi lokulitsa laling'ono, lomwe amagulitsa pa mtengo wofikirika ngakhale kuti m'mphepete mwake limasokoneza chithunzi ndipo muyenera kuyang'ana pakati penipeni. Loweruka lotsatira ndinaitana abale, ndinayala kansalu pa mkeka, ndipo aliyense anaona yekha kamthunzi kophwatalala pa 20 tambala ndi timizere ta phulusa pa hafukolona. Makobidi obowoka aja tinagawana, aliyense awiri, ndipo 10 tambala ya mng'alu ili mu envelopu yakeyake m'kabati, pamodzi ndi matambala awiri aja a MALAWI ndi MALAŴI omwe ndimapita nawo m'kalasi pophunzitsa mbiri ya kalembedwe ka chilankhulo chathu.